Mlonda Ayang'ane Kunja kwa Mpanda

Munthu amene amakwera ku Capital Hill m'maŵa uliwonse, kaya achokera ku Area 18 pa basi kaya ku Area 10 pa galimoto la Boma, amaŵadziŵa alonda a pachipata, amaŵapatsa moni, ndipo iwonso amamdziŵa nkhope. Koma Boma lili ndi alonda ena amene sitiŵapatsa moni chifukwa sitiŵadziŵa. Iwo savala yunifolomu, saima pachipata, ndipo ntchito yao ikayenda bwino palibe amene amaŵaombera m'manja, pakuti choipa chimene atchinga sichioneka. Ameneŵa ndiwo akazitape a Boma. M'dziko muno dzina limeneli timalitchula monong'ona, titayamba tacheuka kuti tione amene ali kumbuyo kwathu. Sabata ino tati tilitchule mokweza, pakuti inu amene mumagwira makalata a Boma, ndi inu amene mumayendetsa ntchito za chipani m'maboma ndi m'madera, ndinu oyamba kukhudzidwa ntchito imeneyi ikayenda bwino kapena ikasokonekera.

Tiyambe tagwirizana chinthu chimodzi. Palibe dziko lodzilamulira, lalikulu kapena laling'ono, lolemera kapena losauka, limene lilibe maso ndi makutu otere. Amereka ali ndi CIA, Angerezi ali ndi MI5 ndi MI6, Aisraeli ali ndi Mossad, ndipo ife tili ndi National Intelligence Service. Amene amanena kuti Malaŵi, poti ndi dziko la mtendere, safunika akazitape, akufanana ndi munthu amene wagwetsa mpanda wa khola chifukwa fisi sadabwere chaka chatha. Mlonda ayenera kukhalapo. Funso loyenera anthu akuluakulu ndi ili: kodi mlondayo ndi wa yani, ndipo maso ake ayang'ana kuti? Yankho lathu nlakuti mlondayo ndi wa dziko lonse, ndipo maso ake ayenera kuyang'ana kwa iwo ofuna kuononga mudzi. Mbiri yathu yomwe ino ikuchitira umboni kuti nthaŵi zonse pamene mlonda adatembenuka ndi kuyamba kusuzumira m'nyumba za eni mudzi, kapena kutumikira alendo, kapena kuuza mfumu zokoma zokhazokha, mtundu wa Amalaŵi ndiwo udalira.

Ntchito ya ukazitape si imene timaiona m'mafilimu. Mbali yake yaikulu ili ngati ya mayi wopeta mphale. Choyamba ndi kusonkhanitsa: zina zimachokera kwa anthu, zina kwa akazitape a maiko abwenzi, zina m'makina, ndipo zambiri zimachokera m'nyuzipepala, pa wailesi ndi m'malipoti amene aliyense angathe kuŵerenga. Chachiŵiri, chimenenso chili chovuta koposa, ndi kupeta: kulekanitsa choona ndi mphekesera, kufunsa kuti wanena izi ndani, waziona ndi maso kapena wangozimva, ndipo apindulanji ife tikamkhulupirira. Chachitatu ndi kupereka zimene zatsala m'lichero kwa Mtsogoleri wa dziko ndi nduna zake nthaŵi isadathe, kuti asankhe chochita ali ndi maso otsekula. Chachinayi ndi kuteteza zinsinsi za Boma kwa akazitape a maiko ena. Tapenyetsetsani kuti pa zinayi zimenezi palibe kumanga munthu, palibe kuŵeruza mlandu, palibe kulanga. Kumanga ndi kwa apolisi, kuŵeruza ndi kwa mabwalo a milandu. Kazitape akalanda ntchito ziŵirizi, wasiya ulonda.

Phunziro loyamba tidalilandira kwa atsamunda. Pa 25 Januwale 1959 atsogoleri a Nyasaland African Congress adachita msonkhano wachinsinsi kutchire pafupi ndi Blantyre. A Special Branch, nthambi ya apolisi imene inkafufuza za ndale, adapereka lipoti lakuti pamsonkhanopo padapanganidwa chiŵembu chopha Bwanamkubwa, Azungu, Amwenye ndi Aafirika ogwirizana ndi Boma. Zambiri za m'lipotimo zidali zongomva kwa ena. Bwanamkubwa Sir Robert Armitage adalengeza malamulo a nthaŵi ya chisokonezo pa 3 Malichi. Dr. Banda adatengedwa kupita ku ndende ya Gwelo, anthu oposa 1,300 adatsekeredwa, ndipo pafupifupi 50 adaphedwa, osachepera 20 mwa iwo pa doko la Nkhata Bay. Patapita miyezi yoŵerengeka, bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woŵeruza Patrick Devlin lidapeza kuti ngakhale za nkhondo zidakambidwa pamsonkhano uja, chiŵembu cholongosoka chopulula anthu padalibe. Atsamunda adafuna kupulumutsa Chitaganya, koma pokhulupirira lipoti losapetedwa adafulumiza imfa yake, ndipo chidatha mu 1963. Tsiku la 3 Malichi limene timakumbukira chaka ndi chaka lili, mwa zina, chikumbutso cha mtengo wa lipoti labodza.

Tikadakhala ophunzira abwino, tikadaphwasula chida chimenechi pa 6 Julayi 1964 ndi kusula china. Koma tidachilandira monga chidalili, ndipo nduna zitasemphana maganizo ndi Dr. Banda chaka chomwecho, chidanoledwa koposa kale. Malamulo adaloleza kutsekera munthu popanda kumzenga mlandu. A Special Branch adadzaza makutu m'maofesi, m'masukulu, m'mabasi ndi m'malo omwera moŵa, ndipo gulu la Malawi Young Pioneers, limene lidayamba mu 1963 ndi cholinga chophunzitsa achinyamata ulimi ndi ntchito zamanja, nalonso lidakhala ndi anthu akeake ofufuza anzao. Mu 1973 ndende ya Mikuyu idatsekulidwa, ndipo m'menemo mudaloŵa aphunzitsi, atolankhani ndi ogwira ntchito m'Boma, ambiri a iwo chifukwa cha mau amene wina adati adaŵamva akulankhula. Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, mantha aja adasamuka nawo pamodzi ndi mafayilo. Akuluakulu amene adagwirapo ntchito pa Capital Hill m'zaka zimenezo akudziŵa m'mene munthu ankatsekera pakamwa mesenjala akaloŵa ndi tiyi.

Kodi chida chotere chidateteza ndani? Mkulu wa Special Branch wa masiku amenewo, a Focus Gwede, ndi mlembi wamkulu wa chipani, a Albert Muwalo Nqumayo, adali anthu aŵiri oopedwa koposa m'dziko muno. Mu 1976 onse aŵiri adagwidwa, mu 1977 adapezeka olakwa pa mlandu woukira Boma, a Muwalo adanyongedwa, ndipo a Gwede adakhala m'ndende mpaka 1993. Atagwa iwo, andende mazanamazana adamasulidwa, umboni wakuti adatsekeredwa popanda chifukwa. Koma chida chidatsala. A Attati Mpakati adavulazidwa ndi bomba la m'kalata ku Maputo mu 1979 ndipo adaphedwa ku Harare mu 1983. A Orton ndi mayi Vera Chirwa adagwidwa cha kumalire a Zambia mu Disembala 1981, ndipo a Orton adafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Mtolankhani Mkwapatira Mhango adatenthedwa m'nyumba pamodzi ndi a m'banja lake ku Lusaka mu 1989. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, adafa ku Mwanza, Boma nilengeza kuti idali ngozi ya galimoto. Bungwe lofufuza limene lidakhazikitsidwa mu 1994 lidapeza kuti adaphedwa ndi apolisi, ngakhale bwalo la milandu mu 1995 lidamasula atsogoleri amene adaimbidwa mlanduwo. Inu a chipani, a chipani chilichonse, taonani bwino maina ameneŵa: ambiri a iwo adali anthu a m'kati, anthu a maudindo. Lupanga losasungidwa m'chimake silisankha mwini kapena mlendo.

Pamene maso a mlonda wathu adali pa aphunzitsi ndi olemba ndakatulo, kunja kwa mpanda kunkachitika zazikulu. Zaka zimenezo zidali za mpikisano wa pakati pa Amereka ndi Soviet Union, ndipo Afirika adali bwalo limene akazitape a maiko amphamvu ankaseŵererapo. A Patrice Lumumba a ku Congo adaphedwa pa 17 Januwale 1961. Mu 1975 komiti ya aphungu a ku Amereka idapeza kuti CIA idakonzapo zoŵapha ndi poizoni, ndipo mu 2001 aphungu a ku Belgium adavomereza kuti akuluakulu a dziko lao adali ndi mbali pa imfayo. A Eduardo Mondlane, mtsogoleri wa Frelimo, adaphedwa ndi bomba lobisidwa m'phukusi ku Dar es Salaam pa 3 Febuluwale 1969. Mozambique atalandira ufulu mu 1975, akazitape a ku Rhodesia, motsogozedwa ndi Ken Flower, adalera gulu la Renamo, ndipo mu 1980 adalipereka m'manja mwa asilikali a Boma la tsankho la South Africa.

Moto umenewo udatentha ifenso. Pofika 1984 njanji za ku Beira ndi ku Nacala, zimene zinkanyamula fodya, tiyi ndi shuga wathu ndi kutibweretsera feteleza ndi mafuta, zidali zitaduka, katundu wathu nayamba kuzungulira mpaka ku Durban pa mtengo woŵaŵa. Mu Sepitembala 1986 atsogoleri atatu, a Samora Machel, a Kenneth Kaunda ndi a Robert Mugabe, adabwera ku Blantyre kudzadandaula kuti Renamo ikugwiritsa ntchito nthaka ya Malaŵi. A Machel atafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini pa 19 Okutobala chaka chomwecho, anthu okwiya adaononga maofesi athu ku Harare ndi ku Maputo. Kuyambira 1987 asilikali athu adapita kukalondera njanji ya Nacala, ndipo ena sadabwerere. Pofika 1992, chaka chimene mtendere udasainidwa ku Rome, tidali tikusunga othaŵa nkhondo oposa miliyoni imodzi, ndipo ku Nsanje alendo adachuluka kuposa eni nthaka. Zonsezi zidayamba m'maofesi a akazitape a maiko ena. Amene akuganiza kuti ukazitape wa pa dziko lonse sukhudza mtengo wa thumba la feteleza ku Mitundu aŵerengenso mbiri imeneyi.

Amalaŵi adanena maganizo ao pa 14 Juni 1993, ndipo mu Disembala chaka chomwecho asilikali adalanda zida za a Young Pioneers pa ntchito imene idatchedwa Operation Bwezani, mfuti zikulira mu Lilongwe muno. Malamulo Aakulu a dziko a 1994 adalembedwa ndi anthu amene zipsera zidali zisadapole. Ndicho chifukwa chake gawo 12 likunena kuti mphamvu zonse za Boma ndi zobwereka kwa anthu, gawo 21 likuteteza nyumba, katundu, makalata ndi telefoni za munthu, ndipo gawo 42 likulamula kuti womangidwa aonekere m'bwalo la milandu pasadathe maola 48. Amene amaona magawo ameneŵa ngati zopinga ntchito ya chitetezo aiŵala kumene adachokera. Iwo ndiwo mpanda umene tikunena.

Koma ufulu wa zipani zambiri sudathetse mayesero onse. Udabweretsa lina, la kutumikira alendo. Mu Juni 2003, nthaŵi imene Amereka ankasakasaka zigaŵenga pa dziko lonse, amuna asanu okhala mu Blantyre, nzika za Turkey, Saudi Arabia, Kenya ndi Sudan, adagwidwa usiku ndi a National Intelligence Bureau mothandizana ndi akazitape a ku Amereka powaganizira kuti ankathandiza gulu la al-Qaeda. Bwalo Lalikulu la Milandu lidaletsa kuŵatulutsa m'dziko, koma adakwezedwa ndege ndithu. Ku Mangochi anthu adakwiya, nyumba zopemphereramo ndi maofesi zidaonongedwa, ndipo ubale wa Akhristu ndi Asilamu, umene makolo athu adausunga zaka zambiri, udagwedezeka. Patangopita milungu yoŵerengeka amuna aja adamasulidwa ku Sudan popanda mlandu uliwonse. Tidanyoza bwalo lathu, tidayambanitsa anthu athu, ndipo sitidapindule kanthu. Chaka chomwecho Amereka ndi Britain adathira nkhondo dziko la Iraq ponena kuti akazitape ao atsimikiza kuti kuli zida zopululira anthu. Zidazo sizidapezeke, ndipo mu 2016 bungwe lofufuza la Sir John Chilcot lidapeza kuti atsogoleri adalankhula motsimikiza kuposa m'mene umboni udalili. Ngati maiko a ndalama ndi makina otere angalakwe chomwechi, ife tilibe chifukwa chomezera osatafuna chilichonse chimene bwenzi latipatsa. Kugwirizana ndi maiko ena nkofunika, pakuti mutu umodzi susenza denga, koma bwenzi likapempha kanthu, lichitike motsata malamulo a Malaŵi.

Tiyeneranso kudziŵa kuti m'dziko la ukazitape ngakhale abwenzi amasuzumirana. Mu 2013 Edward Snowden adaulula makalata osonyeza kuti Amereka ankamvetsera mauthenga a anthu miyandamiyanda, kuphatikizapo atsogoleri a maiko abwenzi monga Germany ndi Brazil. Maofesi a akazembe ali ku City Centre, mtunda woyenda pansi kuchokera ku Capital Hill, ndipo ntchito ya kazembe aliyense, ngakhale wathu amene ali kunja, ndi kuona, kumva ndi kulembera kwao. Palibe cholakwa pamenepo. Koma inu bwana amene mwaitanidwa ku phwando ku Area 10, ku Area 12 kapena ku Area 43, dziŵani kuti nthabwala imene mwaikamba mutagwira tambula ingathe kuŵerengedwa maŵa m'likulu la dziko lina. Ndipo pepala limodzi lotuluka pamalo pake lingathe kugwetsa denga. Mu Epulo 2011 kalata yachinsinsi imene kazembe wa Britain, a Fergus Cochrane-Dyet, adalembera akuluakulu ao ku London yodzudzula ulamuliro wa nthaŵiyo idatuluka m'nyuzipepala. Boma lidaŵapirikitsa, Britain nayenso adabweza nthumwi yathu, ndipo mu Julayi adaimitsa thandizo lake la ku bajeti, nthaŵi imene anthu adali kugona pa mizere ya mafuta. Apa mpamene Mtsogoleri amafunikira anthu olimba mtima omuuza mtengo wa mkwiyo wake asadasaine kalata.

Wina angafunse kuti: kodi mukati mlonda ayang'ane kunja, ndiye kuti m'kati mwa dziko mulibe adani? Alipo ndithu. Koma mpanda tikunenawu si malire a Mchinji kapena Songwe okha. Mpanda ndi malamulo, ndipo ali kunja kwake ndi yense wakuba, wozembetsa anthu, wogulitsa zinsinsi kapena wokonza zokhetsa mwazi, angakhale avale suti ndi kukhala mu ofesi yoyalidwa kapeti. Wotsutsa Boma pa msonkhano, m'nyuzipepala kapena pa guwa ali m'kati mwa mpanda, pakuti malamulo amlola. Chitsanzo chili pakhomo pathu pomwe. Pa 13 Sepitembala 2013 mkulu woyang'anira bajeti ku Unduna wa Zachuma adaomberedwa pachipata cha nyumba yake ku Area 43, ndipo m'masabata otsatira apolisi adapeza ndalama zankhaninkhani m'magalimoto ndi m'nyumba za ogwira ntchito m'Boma. Oŵerengera ndalama a Baker Tilly adapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidatuluka m'thumba la Boma m'miyezi 6 yokha kudzera m'makina olipirira, zina mwa izo zikupita kwa makampani amene sadagwire ntchito iliyonse. Maiko otithandiza adaimitsa thandizo lao, mankhwala nasoŵa m'zipatala. Kubaku kudachitikira pa Capital Hill penipeni, ma kalaliki akumanga nyumba zimene malipiro ao sakadamanga ngakhale atakhala zaka zana. Mzinda wonse unkaona. Nanga maso a Boma adali kuti? Khoswe adali pamkhate, alonda ali kalikiliki kulemba maina a anthu opita ku misonkhano ya ndale.

Ntchito yeniyeni ilipo yochuluka, yoposa anthu ndi ndalama zimene tili nazo. Kuyambira Okutobala 2017 zigaŵenga zakhala zikupha anthu m'chigawo cha Cabo Delgado ku Mozambique, kufikira maiko a SADC adatumizako asilikali kuyambira 2021 mpaka 2024, ndipo kumpoto kwa Mozambique nkumene kukudutsa njanji yathu ya Nacala. Mu Okutobala 2022 mitembo ya anthu pafupifupi 30, oganiziridwa kuti adachokera ku Ethiopia, idapezeka m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba, umboni wakuti ozembetsa anthu adasandutsa misewu yathu njira yao yopitira ku South Africa. Kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti idaima kwa milungu ingapo, Boma nilengeza kuti makina ake adaloŵeredwa ndi akuba a pa kompyuta. Onjezerani ozembetsa minyanga, miyala ya mtengo wapatali ndi ndalama zakunja, ndi anthu ankhanza osaka abale athu achialubino. Pa nkhondo zimenezi tili ndi zida zina: Anti-Corruption Bureau yokhazikitsidwa ndi lamulo la 1995, Financial Intelligence Authority yolondola kayendedwe ka ndalama pansi pa lamulo la 2017, ndi bungwe la CISSA limene kuyambira 2004 limasonkhanitsa akuluakulu a ukazitape a maiko a mu Afirika. Ora lililonse limene kazitape waononga polondola mtolankhani walichotsa pa ntchito zimenezi.

Kwa zaka zambiri akazitape athu ankagwira ntchito popanda lamulo laolao, ndipo Mtsogoleri aliyense ankasintha dzina ndi maonekedwe a bungwelo monga adafunira. Bilu yokhazikitsa National Intelligence Service idalembedwa mu 2017, ndipo lero bungweli lili ndi lamulo lofotokoza ntchito ndi malire ake. Chimenechi ndi chinthu choyamikika, koma lamulo la papepala silidziyendetsa lokha. Pafunika kuti anthu aziloŵa ntchito imeneyi chifukwa cha nzeru ndi khalidwe lao, osati chifukwa cha mtundu, chigawo kapena khadi. Pafunika kuti kumvetsera telefoni ya munthu kapena kuloŵa m'nyumba mwake kuzichitika woŵeruza ataloleza. Pafunika kuti komiti ya zachitetezo ya Nyumba ya Malamulo, imene ili ndi aphungu a mbali zonse, izifunsa mafunso ndi kuona kayendedwe ka ndalama, chitseko chili chotseka koma mabuku ali otsekula. Ndipo pafunika kuti nzika yolakwiridwa ikhale ndi kokadandaula.

Tikudziŵa chimene ena adzanena: kuti chinsinsi chodziŵa anthu ambiri si chinsinsi, ndipo aphungu akaloŵerera, adani adzamva zonse. Nkhaŵa imeneyi njomveka, koma maiko ena adaiyankha kale. Amereka adakhazikitsa makomiti a aphungu oyang'anira akazitape m'zaka za 1976 ndi 1977, Britain adachita chimodzimodzi mu 1994, ndipo mabungwe ao sadafooke. Chinsinsi choyenera kusungidwa ndi dzina la munthu amene waika moyo wake pachiswe potiuza zoona, ndi njira imene tadziŵira kanthu. Koma kuba ndalama ndi kuzunza anthu si zinsinsi za Boma. Anansi athu a ku South Africa adaona zimenezi posachedwapa. Gulu lounika lotsogozedwa ndi a Sydney Mufamadi, limene lipoti lake lidatuluka mu 2019, lidapeza kuti bungwe lao la ukazitape lidasandutsidwa chida cha magulu olimbirana mphamvu m'chipani cholamula, ndipo ndalama zambiri zidasoŵa pansi pa dzina la chinsinsi. Chaona mnzako chapita, maŵa chili kwa iwe.

Tsono mau athu kwa inu a chipani ndi aŵa. Boma limapangidwa ndi chipani chimene chapambana, koma akazitape, monga asilikali ndi apolisi, amalipidwa ndi msonkho wa Mmalaŵi aliyense, wovotera inu ndi wovotera ena. Kuyambira 1994 ulamuliro wasintha manja kangapo, ndipo fayilo imene mwatsekulira mnzanu lero idzapezedwa ndi amene adzakhale pampando maŵa, pamodzi ndi chizoloŵezi chimene mwaŵaphunzitsa. Musapite kwa akazitape ndi mkangano wa pa chisankho cha m'dera, kapena ndi kaduka ka pa udindo. Chipani chimatetezedwa ndi chimanga m'nkhokwe, mankhwala m'chipatala ndi mseu wopitika m'dzinja. Ndipo ngati mumamkonda Mtsogoleri wanu, musakwiyire munthu amene wamuuza kuti kumudzi anthu akudandaula, pakuti mtsogoleri womva zokoma zokhazokha amadzidzimuka tsiku loŵerenga mavoti.

Kwa inu ogwira ntchito m'Boma, kuyambira mlembi wamkulu wa unduna mpaka mesenjala, chitetezo cha dziko chimayambira pa desiki panu. Fayilo yachinsinsi isagone m'galimoto. Kalata ya Boma isajambulidwe ndi kutumizidwa pa WhatsApp kwa mlamu. Mau achinsinsi otsekulira kompyuta musabwereke mnzanu, pakuti umu ndi m'mene ndalama za 2013 zidatulukira. Mlendo wokoma mtima mopitirira, wokonda kukugulirani chakudya ndi kufunsa za kuntchito, mumuyang'ane kaŵiri, poti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Komanso musabise m'dzina la chinsinsi zimene anthu ali ndi ufulu wodziŵa, pakuti lamulo lopatsa nzika mwai wopeza nkhani za Boma lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Ndipo mukaona kuba, nenani kwa oyenera, mwa njira yake, muli ndi umboni. Kunena zoona zimene waona ndi ntchito ya nzika. Kunamizira mnzako kuti utenge mpando wake ndi matenda amene adadzaza Mikuyu.

Pomaliza, kwa inu alonda osaoneka amene mwina mukuŵerenga mau ano. Ntchito yanu njolemetsa ndipo ilibe chithokozo. Ana anu sadziŵa chimene mumachita, ndipo zabwino zanu sizidzalembedwa m'nyuzipepala. Ulemu wanu uli pa zinthu ziŵiri: kunena zoona kwa amene adakutumani ngakhale zikhale zoŵaŵa, ndi kukana mwaulemu lamulo lililonse losemphana ndi Malamulo Aakulu a dziko. Mukatero, lidzafika tsiku limene Mmalaŵi adzatchula dzina la bungwe lanu osayamba wacheuka, ndipo mayi wa ku Kawale akadzamva kuti mwana wake walembedwa ntchito imeneyi adzaŵauza anansi ake mosabisa nkhope.